Galimoto yoyamba: wa ku Lilongwe, wa ku Chipata ndi wa ku Joni sagula mofanana

Munthu akasunga tindalama take n'kufika potopa ndi kupanikizana m'minibasi, amayamba kufunsa anzake kuti, "Kodi galimoto yosavuta ndi iti?" Ku Lilongwe amuuza Mira, Vitz kapena Sienta. Akawoloka pa Mwami n'kukafika ku Chipata amva Corolla, Vitz yomweyo ndi Allion. Ku Harare amulozera Honda Fit. Ku Joni amuseka akatchula Mira, n'kumuuza kuti aliyense amayambira pa Polo Vivo. Palibe amene akunama pamenepa. Galimoto imakhala yodalirika kumene kuli masipeyala ake ndi makaniko amene anaimasulapo kambirimbiri, ndipo chimene chimapangitsa kuti masipeyala a galimoto ina achuluke m'dziko ndi malamulo a dzikolo komanso ndalama yake.

Chotigwirizanitsa tonse ndi chimodzi: Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania ndi South Africa timayendetsa kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, ngati ku Japan. Ku Japanko galimoto imapita kukayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezetsako kumadya ndalama. Ambiri amangoigulitsa ikadali bwinobwino. Ndiye ife timatola, monga timachitira ndi kaunjika: wina amapeza jekete yonga yatsopano, wina amafika kunyumba n'kuona kuti ili ndi chibowo kukhwapa.

Ndiyambe ndi South Africa, chifukwa ndi kumene kuli kosiyana kwambiri. Kumeneko boma linatseka khomo: galimoto yoyenda kale ya ku Japan saloleza kuti ilowe kudzagulitsidwa kwa anthu wamba. Amateteza mafakitale awo. Toyota imapangidwa ku Durban, Volkswagen ku Kariega, Ford ku Pretoria, Isuzu ku Gqeberha. Magalimoto a ku Japan amene mumawaona atadzaza m'mayadi a ku Durban ndi odutsa chabe, akuyembekezera ogula a ku Zimbabwe, Zambia, Malawi ndi kwina. M'bale wathu amene akukhala ku Johannesburg angawaone pa mpanda, koma sangalembetse nambala ya kumeneko.

Zotsatira zake n'zakuti galimoto yoyamba ku Joni imakhala yaing'ono zaka poyerekeza ndi zathu, koma yokwera mtengo, ndipo ambiri amaitenga pa ngongole ya kubanki yobweza zaka zingapo. Mmalawi amene mapepala ake sali bwino banki simuyang'ana n'komwe, choncho amagula ndi ndalama za m'manja kwa munthu wa pa Facebook, ndipo mavuto amayambira pomwepo. Kuli magalimoto amene anachita ngozi yaikulu n'kumangidwanso, amene pa mapepala amalembedwa kuti Code 3. Kuli ena amene mwini wake sanamalize ngongole, ndiye kuti adakali a banki. Komanso Polo yomwe aliyense amaitamayo mbava nazo zimaikonda, kotero pa mtengo wake muwonjezerepo inshuwalansi ndi kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Ubwino wake ndi woti sipeyala iliyonse ya Polo imapezeka pakona pomwepo, yatsopano ndi yakale yomwe.

Vuto limabwera munthu uja akaganiza zobwerera kumudzi nayo. Amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, atanyamula chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, n'kulipira msonkho. Miyezi yoyamba mudzi wonse umaiyamikira. Tsiku limene kasensa kamodzi kadzafe, galimoto imakwera pa miyala kudikira kuti wina wobwera pa basi kuchokera ku Joni akatenge. Sindikunyoza Polo. Ndikungonena kuti ku Mzimba kapena ku Mangochi makaniko amene mungamupeze msanga anakulira pa Toyota.

Zimbabwe inasankha njira yapakati. Mu 2021 boma linaletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10. Cholinga chinali chomveka, kuti dziko lisakhale dzala la zitsulo, koma kwa munthu wa ndalama zochepa zinatanthauza kuti Vitz ya 2008 imene mnzake wa ku Malawi angaitanitse, iye sangathe. Amene analowa kale lamulo lisanabwere ndi amene akungozungulira m'manja mwa anthu, ndipo malonda ake amachitika pa madola a ku America. Honda Fit zambiri za kumeneko zagwira ntchito ya mushikashika, kunyamula anthu mopitirira muyeso tsiku lonse, choncho kugula ya m'manja mwa munthu ku Harare kumafuna maso anayi.

Tsopano tifike pa ife ndi a ku Zambia, chifukwa ndife ofanana kwambiri moti kusiyana kwathu ndi kumene kumaphunzitsa. Tonse tilibe doko la pa nyanja yamchere. Tonse sitikaniza galimoto chifukwa chokalamba. Tonse timatsegula masamba a BE FORWARD kapena SBT, makampani ogulitsa magalimoto akale a ku Japan, pa foni usiku n'kumasirira mitengo yooneka yochepa. Ndipo magalimoto athu ambiri amatsikira pa doko limodzi, la Dar es Salaam, n'kuyenda msewu umodzi kudutsa Morogoro, nkhalango ya Mikumi, phiri la Kitonga ndi Iringa. Akayandikira Mbeya m'pamene amasiyana: a ku Zambia amapitirira ku Tunduma n'kulowa pa Nakonde, athu amakhotera pa Uyole kutsikira ku Kasumulu n'kuwoloka Songwe.

Ulendo umenewu anthu amauiwala powerengera ndalama. Mtengo wa pa intaneti, ngakhale utalembedwa kuti CIF Dar es Salaam, kutanthauza kuti muli kale ndalama za sitima ndi inshuwalansi, umathera padoko. Kuchoka pamenepo pali zolipira za padoko, ejenti woitulutsa, mafuta a makilomita pafupifupi 900 kukafika pa Songwe, dalaivala, ndiyeno msonkho wa MRA, kenako ulendo wina wokwera Chiweta mpaka kwanu. Dalaivala wa magalimoto a IT, amene ali ndi nambala yongodutsira m'dziko la Tanzania, amalipidwa pa ulendo, choncho amathamanga kuti abwerere akatenge ina, ndipo ena amanyamula anthu m'njira. Galimoto imene ku Japan inkangopita kusitolo ndi kubwerako imalandiridwa mu Africa ndi tsiku lathunthu la liwiro, oyilo wake ali yemwe uja inakhala naye pa yadi ndi m'sitima. Amene amadziwa amauza ejenti kuti asinthe oyilo ndi kuona madzi ndi matayala isananyamuke ku Dar, ndipo amene angathe amakwera basi kukaitenga okha.

Chimene ndimawasirira a ku Zambia ndi choti lamulo lawo limafuna kuti galimoto iyezedwe isanakwere sitima, ndipo ikafika yopanda chikalata chimenecho mwini wake amalipira chindapusa. Si kuti kuyezako kumagwira chilichonse, ayi, koma kumachepetsako zinyalala. Ife kuno tinazolowera kukhulupirira zithunzi. Galimoto yopukutidwa bwino, makilomita olembedwa 60,000 pa galimoto ya zaka 15, basi mtima pansi. Nambala imeneyo imabwezedwa mosavuta. Chimene sichinama msanga ndi chiwongolero chosalala chifukwa cha kugwiridwa, mphira wa pa buleki wodyeka, ndi mpando wa dalaivala wophwa. Ngati wogulitsa ali ndi pepala la kumsika wa ku Japan, lionetseni kwa wodziwa: giredi 4 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakati, ndipo R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Pa msonkho, ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, inayamba kale kugwiritsa ntchito mitengo yokhazikika ya magalimoto akale, yotengera mtundu, kukula kwa injini ndi zaka, moti munthu amadziwiratu zimene akalipire asanatumize ndalama ku Japan. Kwathu kuno MRA nayo imayang'ana injini ndi zaka, n'chifukwa chake Mira ya 660cc inadzaza m'tauni: msonkho wake ndi wopepuka, ndipo petulo imangonunkhiza. Koma musamvere za mnzanu amene anaombola yake chaka chatha. Funsani ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka za galimoto yeniyeniyo, chaka chake ndi injini yake, musanalipire kalikonse.

Kusiyana kwakukulu, komabe, si kwa malamulo. Ndi kwa dola. Wa ku Lusaka amalowa m'banki, kugula madola, n'kutumiza. Ife kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja m'mabanki zakhala zikusowa. Munthu amene ankasunga makwacha mwezi ndi mwezi kuti akwanitse Vitz anadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti zimene ali nazo zikungokwana Mira. Ambiri amakagula madola kumsika wamseri pa mtengo wokwera kwambiri, zomwe ndi zoletsedwa komanso kumene anthu amaberedwa. Ndiye galimoto yomweyo, yochokera pa yadi imodzi ku Japan, yokwera sitima imodzi, imamupweteka kwambiri Mmalawi kuposa mnzake wa ku Chipata, mtunda wa maola awiri kapena atatu okha kuchokera ku Lilongwe.

Ena amati, ndiye bwanji osakagula ku Chipata komweko? Mukhoza, koma galimoto ya nambala ya ku Zambia ikafuna kukhala ya kuno imalipiranso msonkho wa kuno. Msonkho umene mwini wake woyamba analipira ku ZRA uli kale mu mtengo umene akukuuzaniwo, ndiye mumalipira kawiri. Kuyenda nayo ndi nambala yachilendo pa chilolezo cha masiku ochepa, n'kumakachiwonjezera kuboda, ndi moyo wothawathawa umene mapeto ake amakhala kulandidwa galimoto.

Za ku Mozambique sindichulutsa. Madoko a Beira ndi Nacala ali pafupi nafe kuposa Dar es Salaam, koma malonda a magalimoto ang'onoang'ono anakhazikika ku Dar, kumene kuli maejenti ndi madalaivala odziwa njira ya kwathu. Abale athu a ku Angonia ndi madera a m'malire ambiri amayambira pa njinga yamoto, ndipo kunena zoona, kwa munthu wa kumudzi amene msewu wake umaduka nthawi ya dzinja, maganizo amenewo si olakwika.

Nanga ine ndingamuuze chiyani mng'ono wanga wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni amene ali ndi ndalama zochepa? Choyamba, asanayang'ane galimoto iliyonse, apite ku Biwi kapena ku Ndirande akafunse mitengo ya zinthu zinayi za galimoto imene akuifunayo: nyale yakutsogolo, ma shock, giyabokosi yakale ndi injini yakale. Akapeza kuti ogulitsa atatu ali nazo ndipo akupikisana mitengo, galimotoyo ndi yake. Akamva kuti "tikuitanitsirani ku Dar", aisiye, ngakhale ikhale yokongola chotani.

Pa mayeso amenewa Toyota za injini ya 1NZ, ya malita 1.5, imene ili mu Sienta, Probox ndi Axio, zimapambana mbali zonse ziwiri za malire. Vitz ya 1.3 nayo ndi yosadandaulitsa. Mira ndi yabwino kwa munthu wopita kuntchito m'tauni, koma si yonyamula anthu asanu ndi matumba a chimanga kuchokera ku Ntchisi, ndipo kainjini kake kamafuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono a masiku ano ali ndi giyabokosi ya CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Makaniko wa pansi pa mtengo akathiramo oyilo wa otomatiki wamba, giyabokosi imayamba kunjenjemera, ndipo pamenepo m'pamene anthu amayamba kunena kuti Honda Fit kapena Nissan Note ndi zoipa.

Chachiwiri, pa nthawi ino ya kusowa kwa dola, kugula ya m'manja mwa munthu kuno konkuno si manyazi. Mumalipira makwacha, mumaiona ndi maso, mumaiyendetsa. Koma Sienta kapena Freed yoyenda kale kuno muiyese ngati inali takisi mpaka mutatsimikiza kuti sinali. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imabisa utsi ndi phokoso. Tsegulani chotsekera cha oyilo muone ngati kunsi kwake kuli phala loyererako, chizindikiro choti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Suzumirani kunsi kufuna dzimbiri, makamaka pa magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Yerekezani nambala ya chasisi ya pa galimoto ndi ya pa khadi, chilembo ndi chilembo.

Mapepala ndi pamene ife ndi a ku Zambia timadwala matenda amodzi. Iwo ali ndi white book ya ku RTSA, bungwe lawo loona za pamsewu, ife timati blue book ngakhale tsopano ndi khadi la ku Road Traffic, ndipo mbali zonse ziwiri kuli magalimoto amene agulitsidwa katatu koma dzina likadali la mwini woyamba. Zimaoneka ngati palibe vuto mpaka tsiku la ngozi, kapena lofuna kuigulitsa, mwini dzina uja atasamukira kunja kapena atamwalira. Musamalize kulipira musanapite limodzi ndi wogulitsa kukasintha umwini, ndipo madobadoba a pageti musawapatse mapepala anu.

Chomaliza ndi masamu. Ngati muli ndi ndalama zokwana galimoto ya mtengo wina wake ndendende, tsikani mugule yotsikirapo. Mwezi woyamba umafuna inshuwalansi, COF, oyilo ndi mafyuluta, kawirikawiri batire, ndipo ngati ndi ya IT mwina matayala onse anayi, chifukwa ena amabwera ndi matayala a m'chisanu a ku Japan amene pa phula lotentha la ku Salima sachedwa kutha.