Chenjezo kwa inu othamangira galimoto ya mtsogoleri

Ana anga, adzukulu anga, takhalani pansi pang'ono. Foniyi ndabwereka kwa mdzukulu wanga ndipo maso anga sakuonanso bwino, choncho ndilankhula kamodzi kokha. Wakumva amve.

Ine ndagwira chiwongolero cha lole zaka zoposa 30. Ndatuta fodya kupita ku okushoni ku Kanengo ndi ku Limbe, ndatuta feteleza kuchokera ku doko la Beira, ndipo kampeni ikafika abwana ankabwereketsa loleyo kwa azipani kuti ndizitutira anthu ku misonkhano. Chipani sinditchula, poti ndatutira zingapo ndipo khalidwe ndi lomwelo. Chimasintha ndi mtundu wa chitenje basi.

Tsiku lina tikupita ku msonkhano woimaima, lole itadzaza mpaka ena atakhala pamwamba pa kabini, mdipiti wa galimoto za mtsogoleri unatipeza pa tiledingi senta. Fumbi koboo, nthungululu, mahutala. Bwanayo anali atatulutsa thupi lonse mpaka m'chiuno padenga la galimoto, akugwedeza dzanja. Omuteteza anayi akuthamanga m'mbali mwa galimoto, thukuta kamukamu, akukankha manja a anthu ofuna kumugwira. Inu mukuwatukwana: "Tasiyeni timugwire, ndi wathu ameneyu!" Kenaka kabaza wa njinga yamoto, atakweza anzake awiri, onse opanda zipewa, wakumbuyo akujambula ndi foni, analowa pakati pa galimoto ya bwana ndi ya achitetezo, n'kudzadutsa pamphuno pa lole yanga. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Kumbuyo anthu anagwerana ngati matumba a chimanga. Mayi wina, mwana ali kumsana, anamenyetsa kamwa pa chitsulo cha bodi, mano awiri n'kuguluka. Anatsuka m'kamwa ndi madzi a m'botolo, n'kupukuta magazi ndi chitenje chomwe anali atangolandira m'mawa womwewo, chokhala ndi nkhope ya bwana uja. Mdipiti sunaime. Anyamata apanjinga aja sanacheuke n'komwe.

Chimenechi inu mumachitcha chikondi. Ine ndimachitcha kusasamala, ndipo tsiku lina kudzakuphetsani munthu amene mukuti mumamukondayo.

Mukuganiza kuti woteteza mtsogoleri amayang'ana chiyani? Amayang'ana manja. Ntchito yake yonse ndi kuona dzanja lomwe likutuluka m'thumba. Tsono manja akakhala 500, onse akulozera kwa bwana, ena atagwira mafoni, ena mabotolo, ena masamba a mitengo, dzanja loipalo alizindikira bwanji? Wachiwembu safuna mdima. Amafuna chipwirikiti, ndipo chipwirikiticho mumamupangira ndinu, ulere.

Funsani za Benazir Bhutto, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya dziko la Pakistan. Pa 27 Disembala 2007 anamaliza msonkhano wake wa kampeni bwinobwino mumzinda wa Rawalpindi, n'kulowa m'galimoto yolimba yosalowa zipolopolo. Akanakhala phee m'katimo mwina bwenzi nkhani ili ina. Koma pachipata khamu linatchinga njira likuimba dzina lake, iye n'kudzuka, kutulutsa mutu padenga kuti awabayibitse. Pomwepo mfuti inalira, bomba n'kuphulika. Omwe anali naye m'galimotomo anapulumuka, iye ayi. Ku India, pa 21 Meyi 1991, Rajiv Gandhi, yemwenso anakhalapo nduna yaikulu, anaphedwa ali pa kampeni ndi mtsikana yemwe anabwera ngati wodzamulonjera, atanyamula nkhata yoti amuveke m'khosi, bomba lili m'chiuno. Anawerama ngati akumugwira mapazi mwaulemu. Mukamatukwana omuteteza kuti akukukanizani kupereka moni, muzikumbukira mtsikana ameneyo.

Mwina mukuti zimenezo n'zakutali, kuno kwathu ndife anthu amtendere. Chabwino. Tiyeni tibwere pakhomo, ngakhale pakhomopo pali bala lomwe silinapole.

Mwa andale onse omwe ndawaona ndi maso angawa, malemu Saulos Chilima, yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, anali ndi chikoka chachilendo. Mwana wophunzira, woti anatsogolerapo kampani ya Airtel, koma akaima pansanja Chichewa chake chinali cha pabwalo la milandu, mwambi pamwamba pa mwambi, mpaka ife akuluakulu tinkagwedeza mitu. Ankachita mapushapu anthu akuona kuti asonyeze kuti magazi akadali othamanga. Chipani cha UTM anachikhazikitsa mu Julayi 2018 pa bwalo la Masintha ku Lilongwe, ndipo chisanakwanitse ndi chaka chomwe, pa chisankho cha Meyi 2019, anapeza mavoti oposa 1 miliyoni. Akati "Osaopa!" bwalo lonse linkayankha ngati bingu. Sindinali wa chipani chawo, koma wailesi ndinkaikweza akayamba kulankhula.

Pa 10 Juni 2024 anakwera ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 pa bwalo la Kamuzu, ulendo wa ku Mzuzu kuti akakhale nawo pa maliro a Ralph Kasambara, yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo. Ku Mzuzu kunali chifunga, ndege inalephera kutera, ndipo inakagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu 9 onse anathera pomwepo, kuphatikizapo mayi Shanil Dzimbiri, omwe anakhalapo mayi wa fuko. Zokamba za imfayi zilipo zambiri ndipo aliyense ali ndi yake, ine sindilowako. Ndingotola kanthu kamodzi komwe akatswiri a ku Germany analemba mu lipoti lawo. M'ndegemo munali kachipangizo komwe kamayenera kulira ndege ikagwa kuti ofufuza adziwe pomwe yagwera. Batire lake linatha ntchito mu 2004. Zaka 20, ana anga! Munalibenso makina osunga mawu a oyendetsa kapena mbiri ya ulendo. Ndege inapezeka mawa lake, anthu atagona m'nkhalango usiku wonse akuisaka m'chisanu cha Chikangawa.

Ine monga dalaivala, nkhani ya batireyi imandisowetsa tulo. Ndikudziwa mmene zimayambira. Umaona tayala latha, umati lifika. Buleki ikulira, umati tikakonza tikabwerako. Ukabwerako bwino umati mwaona, palibe vuto. Chaka chimatha, china n'kutha. Ndiye ndikufunseni inu amene munkadzaza mabwalo mutavala zofiira, ndi inu a mitundu inayo: ndani mwa inu anafunsapo kuti atsogoleri athuwa amakwera chiyani, ndipo chinakonzedwa liti? Pa Facebook munkakangana za nsapato zawo ndi kavinidwe kawo. Za batire ayi.

Chomwe chinandiliza kwambiri chinachitika patatha masiku 6. Thupi likuchoka ku Lilongwe kupita kwawo ku Nsipe, anthu anadzaza mumsewu wa M1 kuno ku Ntcheu, usiku, ena atatseka njira kuti mdipiti uime aone bokosi. M'chipwirikiticho galimoto ina inalowa m'khamu. Anthu 4 anafa, ena ambiri n'kuvulala. Anachoka pakhomo kukalira maliro, mawa lake akuliridwa ndi iwo. Chisoni chinali chenicheni, sindikutsutsa, inenso ndinalira. Koma msewu waukulu usiku si bwalo la maliro. Galimoto ilibe chisoni, ndipo dalaivala wogwidwa mantha, miyala ikugwa pagalasi, saonanso kuti kutsogoloku kuli mayi.

Tsopano ndikhudze mbali yomwe simuikonda, ya ndalama. Kusasamala kwake n'komweku, kwangovala malaya ena.

Mtsogoleri wachikoka amakhala kapolo wa m'manja mwanu. Mukaomba m'manja mwamphamvu akatulutsa mutu padenga, mawa atulutsa thupi lonse. Mukaomba mwamphamvu akatchula mtengo wotsika wa feteleza, mawa atchula wotsikirapo. Amaopa kukukhumudwitsani kuposa mmene amaopera chipolopolo kapena ngongole ya dziko. Amene mumamuphunzitsa zimenezi ndinu.

Kumbukirani malonjezo a 2019 ndi 2020, a UTM ndi a mgwirizano wa Tonse. Ntchito 1 miliyoni m'chaka chimodzi. Kudya katatu patsiku. Minda ikuluikulu. Feteleza wotsika mtengo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndinatenga pensulo n'kugawa 1 miliyoni ndi masiku 365. Zinandipatsa ntchito zoposa 2,700 tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe. Nditanena zimenezi pa bawo, mnyamata wina anandiyankha kuti, "Madala, inu nthawi yanu inatha, musatibwezere m'mbuyo." Anzake anaseka. Ndinangosuntha njere zanga n'kukhala chete.

Ndisanamizire munthu: zina zinachitikadi. Malipiro osadulidwa msonkho anakwezedwa kufika pa K100,000. Mu 2020 thumba la feteleza la makilogalamu 50 linagulidwadi pa K4,495 kudzera mu AIP, pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, mabanja mamiliyoni anapindula, mvula inagwa bwino, nkhokwe zinadzaza. Tinavina. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pulogalamuyo inadya pafupifupi K160 biliyoni m'chaka chimodzi, ndipo funso lomwe palibe analifunsa pabwalo la msonkhano linali lakuti: chaka chamawa ndalamayi idzachokera kuti?

Ine feteleza ameneyu ndamunyamula pamsana pa lole, ndiye ndikuuzeni mmene amayendera. Sitimupanga kuno. Amabwera pa sitima ya pamadzi, kutsikira ku Beira kapena ku Nacala, ndipo mwini wake kunjako safuna kwacha, amafuna dola. Dizilo wa lole yomututa amagulidwanso ndi dola. Dola imeneyo timaipeza tikagulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina zochepa, ndipo zomwe timagula kunja zimaposa kutali zomwe timagulitsa. Ndiye mtsogoleri akaima pansanja n'kunena kuti thumba likhala pa mtengo wakuti, sikuti walamula fakitale ya kunja kuti itsitse mtengo. Akutanthauza kuti gawo lotsalalo lilipiridwa ndi boma, ndiye kuti msonkho wanu, kapena ngongole yomwe adzabweze ana anu, kapena mankhwala omwe sadzapezeka ku chipatala.

Mawa lake linafika. Feteleza anakwera mtengo pa dziko lonse, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 zinthu n'kunyanya. Mtengo wa AIP unachoka pa K4,495 kupita pa K7,500, kenaka K15,000, chiwerengero cha opindula chikutsika. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Namondwe wa Freddy anadzawonjezera chilonda pa chilonda. M'masitolo thumba lomwe lija linadzadutsa K100,000. Tinagona pa mizere ya mafuta, ndipo mnyamata wa pa bawo uja ndinamupeza pa filing'i siteshoni ina ali ndi chigubu, maso ali gwaa ndi tulo. Sindinamukumbutse. Ndinamugulira chimanga chootcha.

Sindikuti amene analonjezawo anali abodza onse, kapena kuti mbali inayo ndi ya angelo. Ayi. Ndaona maboma okwanira kuti ndidziwe kuti aliyense amabwera ndi nyimbo yake yokoma. Nkhondo ya ku Ukraine sanaiyambitse ndi iwo, namondwe sanamuitane ndi iwo. Mlandu wanga uli pa inu omvera. Munthu akamakufunsira mwana wako wamkazi umamufunsa kuti amagwira ntchito yanji, kwawo n'kuti, adzamudyetsa chiyani. Sumupatsa mwana chifukwa choti amavina bwino. Nanga bwanji dziko lathunthu mumalipereka kwa munthu chifukwa choti wakusekesani ndi mwambi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ng'ambani mkuyuwo muone, simunamunyoze mwini mtengo.

Ndipo inu a m'makomiti okonza misonkhano, musabisale kumbuyo kwa anyamatawa. Ndinu amene mumabwereka lole yonyamula matumba n'kuikamo anthu 100. Ndinu amene mumagulira anyamata kachasu m'mawa kuti "atenthetse bwalo", kenaka mukudabwa akayamba kugenda mdipiti wa chipani china. Mwala umene mwana wanu waponya lero pa galimoto ya mtsogoleri wa eni, mawa ubwerera pa galimoto ya wanu. Ndinu amene mumaponya ndalama ndi matisheti kuchokera pagalimoto ikuyenda, ana n'kumathamangira pansi pa matayala, chonsecho lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawazi. Ndinu amene mumapanikiza misonkhano isanu tsiku limodzi, dalaivala osagona, kubwerera usiku pa liwiro la imfa chifukwa bwana achedwa. Dalaivala akati tayala ili silifika, mumati ndi wa otsutsa. Woyendetsa ndege akati nyengo si yabwino, muzimumvera, ngakhale bwalo litadzaza anthu akudikira padzuwa. Anthu okhumudwa amabweranso sabata yamawa.

Chisankho cha 2025 chadutsa, koma wachikoka wina adzadzuka, mwina ali kale pakati panu. Adzakhala wokongola pakamwa, ndipo mudzamukonda. Mukondeni, palibe choletsa. Koma akadzafika kwanuko, imani patali ndi msewu, ana muwagwire padzanja. Omuteteza akati bwererani m'mbuyo, bwererani. Akatulutsa mutu padenga la galimoto, m'malo mwa nthungululu mukuweni kuti alowe m'kati. Ndipo akatchula mtengo wa thumba, wina mwa inu, ngakhale mmodzi, aimike dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, dola yake muitenga kuti? Mugulitsa chiyani kunja chomwe sitikugulitsa lero?" Akayankha ndi mwambi, mufunseninso.

Mwini foniyi akuti batire latsala pang'ono. Ndi yemweyu amene anandipempha njinga yamoto yomwe ndinagula ndi ndalama zanga zopumira pantchito, ati akaperekeze mdipiti wa bwana wina kukafika ku Balaka, amupatsa ya mafuta ndi tisheti. Kiyi ili m'thumba la jekete langa, ndipo jeketelo ndikugona nalo.