Malipiro a wantchito si sadaka

Lero ndilankhuleko ndi Asilamu anzanga amene muli ndi mashopu, mahadiweya ndi maminibasi kuno ku Zomba, kuyambira mumsika waukulu mpaka ku Chinamwali ndi ku Songani. Lachisanu masana timatseka zitseko n'kuthamangira kumzikiti, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma mnyamata amene wasenza matumba a simenti kuyambira m'mamawa uja, za mwezi watha mwamupatsa?

Mtumiki Muhammad (SAW) anati wantchito apatsidwe malipiro ake thukuta lisanaume. Hadith (mawu a Mtumiki) ina ya m'buku la Bukhari imatchula anthu atatu amene Allah mwini wake adzatsutsana nawo tsiku la Kiyama, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene analemba munthu ntchito, ntchitoyo n'kugwiridwa yonse, iye osalipira. Ife pakamwa pathu sipachoka "ubwere mawa, malonda sanayende". Mawa lakelo limakafika pa 15, mnyamata atapita kale kwa akatapila, eni nyumba ku Chikanda akugogoda za lendi. Ikakwana Ramadhani, bwana yemweyo agawira antchito mpunga ndi shuga, zithunzi mbwee pa Facebook. Ayi abale anga. Sadaka mumapereka mwa kufuna kwanu, koma malipiro ndi ngongole, ndipo paketi ya shuga siifafaniza.

Kalembedwe ka ntchito nakonso. M'Qur'an, mu Surah Al-Qasas, ndime 26, mwana wamkazi wa mkulu wa ku Madyan akuuza bambo ake kuti alembe Musa chifukwa woyenera kulembedwa ndi wamphamvu komanso wokhulupirika. Musa anali mlendo wothawa ku Iguputo, wopanda mbale aliyense kumeneko. Nanga ife bwanji pa kauntala timaikapo mwana wa achemwali wosadziwa ngakhale kulemba risiti, pomwe Mkhristu amene watumikira zaka zambiri akungosesa? Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limaletsa tsankho la chipembedzo kapena mtundu. Limeneli limateteza tonse, kuphatikizapo mlongo wathu amene amamuyang'ana ndi diso loipa pa intavyu chifukwa wavala hijabu.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi alonda ndi atsikana a m'nyumba. Mtumiki anauza wophunzira wake Abu Dharr kuti otitumikira ndi abale athu: adye zimene tikudya, avale zimene tikuvala, tisawasenzetse zoposa mphamvu zawo, ndipo tikawasenzetsa tiwathandize. Pitani m'makomo mukaone. Banja likudya nkhuku, mtsikana amene waiphika akupatsidwa bonya kukhitchini. Mlonda usiku uliwonse ali pageti, mwezi wathunthu osapuma, ndipo za penshoni sanazimvepo n'komwe.

Mashehe athu, khutba za riba (chiwongoladzanja) ndi kavalidwe tazimva zambiri. Lachisanu likudzali tiuzeniko za malipiro, mabwanawo ali pamzere woyamba pomwepo.