Mipingo, lekani kusandutsa ana amasiye choonetsa alendo

Abusa, akulu a mpingo, amayi a m'magulu a mapemphero, ndi inu achinyamata amene mumanyamula zikwama kupita ku maulendo a utumiki, ndikulankhula nanu monga munthu amene imvi zamera ali mu mpingo. Pali khalidwe lina lazika mizu pakati pathu. Tikulitcha utumiki wa ana amasiye, tikuliombera m'manja pa guwa, koma likuvulaza ana omwewo amene timati tikuwathandiza. Zikundiwawa, ndipo sindikhala chete.

Zimayamba bwinobwino. Mpingo wa ku dziko lolemera wamva kuti kwinakwake kuli ana ovutika. Asonkha ndalama, asankha anthu oti apite, agula matikiti a ndege. Mpingo wolandira alendowo nawo wakonzeka, ana asonkhanitsidwa, aphunzitsidwa nyimbo zolandirira alendo, auzidwa kuti azimwetulira. Alendo afika, anyamula ana, alira nawo, ajambula zithunzi, apaka penti khoma. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri abwerera kwawo mitima itadzaza, kukachitira umboni kuti atumikira Ambuye. Pa anthu onsewa, amene sanafunsidwe maganizo ake ndi mwana yekha.

Choyamba dziwani kuti ambiri mwa ana amene mumawapeza m'nyumba zosungirako ana amasiye ali ndi abale awo. Mabungwe monga Save the Children ndi Lumos akhala akunena kwa zaka zambiri kuti pa ana 10 alionse okhala m'nyumba zotere pa dziko lapansi, pafupifupi 8 ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena onse awiri. Otsalawo nawonso ambiri ali ndi agogo, azakhali kapena amalume. Chimene chinawachotsa pakhomo nthawi zambiri ndi umphawi, kusowa fizi, matenda a kholo, kapena kulumala kwa mwanayo. Mayi wosauka akauzidwa kuti kuli malo kumene mwana wake akadye katatu ndi kuphunzira mwaulere, amamupereka misozi ili m'maso, poganiza kuti wamuchitira zabwino. Ife amene tinali ndi ndalama zomangira nyumba ya ana tinali nazonso zothandizira mayiyo kuti alere yekha mwana wake. Tinasankha nyumba chifukwa nyumba imaoneka, imajambulika, ndipo pakhoma pake pamalembeka dzina la amene anapereka.

Ndipo ndalama zikamatsata nyumba, nyumbayo imafuna ana oti aidzaze. Ku Cambodia, UNICEF inapeza kuti pakati pa 2005 ndi 2010 nyumba zosungirako ana zinachuluka ndi 75 peresenti, pa nthawi imene alendo ochokera kunja ankakhamukira m'dzikomo, ndipo ambiri mwa ana a m'nyumbazo anali ndi makolo. Ku Nepal kwapezeka ana amene anatengedwa m'midzi ya kumapiri ndi lonjezo la sukulu, kenako n'kulembedwa pa pepala kuti makolo awo anamwalira. Zinafika poti dziko la Australia, pamene linkakhazikitsa lamulo lake lothana ndi ukapolo wamakono mu 2018, linazindikira mchitidwe wolowetsa ana m'nyumba za amasiye pofuna kupezerapo phindu ngati mtundu wina wa ukapolo. Taganizani abale, chinthu chimene ife tikuchiika pa ndandanda wa mapemphero a utumiki, maboma ena akuchiyang'ana ndi diso limenelo.

Musanene kuti izi zimachitika ndi anthu oipa okhaokha. Mu January 2010, chivomezi chitagwedeza Haiti, anthu 10 a mpingo ochokera ku America anagwidwa pa malire akufuna kutulutsa ana 33 kupita nawo ku Dominican Republic popanda zikalata zoyenera. Iwo ankati akupulumutsa ana amasiye. Atafufuza anapeza kuti ambiri mwa anawo makolo awo anali moyo. Changu chopanda nzeru chimafika pamenepo.

Tsopano ndikhale pang'ono pa nkhani ya mtima wa mwana, chifukwa apa m'pamene ambiri sitikumvetsa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wamkulu amadziwa zimenezi, amalandira mlendo akudziwa kuti mawa anyamuka. Mwana wa zaka zitatu sadziwa. Mwana amene wasiyana kale ndi mayi ake ali ndi bala la kusiyidwa, ndipo inu mukamunyamula sabata yonse, kugona naye pamiyendo, kumuuza kuti mumamukonda, kenako n'kukwera galimoto akuona, mwatsegulanso balalo. Mwezi wotsatira kubwera gulu lina, naye adzimangiriranso pa munthu wina, nayenso apita. Zikachitika kambirimbiri mwanayo amaphunzira kuti palibe amene amakhala. Alendo amabwerera akunena kuti ana aja ndi achikondi kwabasi, amathamangira aliyense n'kumukumbatira. Akatswiri a kakulidwe ka ana akamva zimenezo sasekerera. Mwana wokula bwino akaona nkhope yachilendo amayamba wabisala kumbuyo kwa mayi ake. Amene amathamangira mlendo aliyense nthawi zambiri akusonyeza kuti alibe munthu wake weniweni womudalira, ndipo mwana wotereyu savuta kumunyengerera kwa munthu wa zolinga zoipa.

Izi zinafufuzidwa mozama. Ku Romania, ulamuliro wa pulezidenti Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko lonse linaona mmene ana ankakhalira m'nyumba za boma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri anayamba kutsatira ana 136 a m'nyumba zotere mu mzinda wa Bucharest. Ena anapititsidwa m'mabanja owalera, ena anatsala. Amene analowa m'mabanja anakula bwino m'nzeru, m'kalankhulidwe ndi m'kakhalidwe kuposa otsalawo, makamaka amene anatuluka asanakwanitse zaka ziwiri. Ndikudziwa kuti nyumba zambiri za mipingo zili ndi olera achifundo ndithu, ndipo sindikuwanyoza. Koma mayi mmodzi wolera ana ambirimbiri, amene amaweruka madzulo n'kulowa wina, ndipo chaka chamawa akhoza kusiya ntchito, sangapatse mwana chimene banja limapatsa.

Anzanga a mipingo yolandira alendo, musaloze chala alendo okha. Gawo lalikulu la tchimoli lili m'manja mwathu. Ndani amasonkhanitsa anawo? Ndani amawauza kuti akafunsidwa anene kuti alibe bambo kapena mayi? Mukamaphunzitsa mwana kukana kholo lake lamoyo kuti thandizo lisaleke, mukumuphunzitsa bodza m'dzina la Yesu. Pali atsogoleri amene amasiya dala denga likudontha ndi ana akuvala zong'ambika kufikira alendo adzaone, chifukwa akudziwa kuti chisoni ndiye chimamasula chikwama. Pali amene amabwereka ana a anthu oyandikana nawo tsiku lofika alendo kuti chiwerengero chikwere. Pali nyumba zimene boma silidziwa n'komwe kuti zilipo, zopanda chilolezo, zopanda kaundula wosonyeza kuti mwana aliyense anachokera kuti ndipo abale ake ndani. Ndalama zimalowa mu akaunti ya munthu mmodzi, msungichuma wa mpingo osaonako, ndipo amene wafunsa amauzidwa kuti akulimbana ndi wodzozedwa wa Mulungu. Paulo mtumwi, potenga chopereka cha osauka a ku Yerusalemu, sanachinyamule yekha. Pa 2 Akorinto 8 akufotokoza kuti anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena pa kayendetsedwe ka mphatsoyo. Ngati Paulo analola kuyang'aniridwa, inu ndinu ndani kuti mukane kuonetsa mabuku?

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi kutsegulira chitseko aliyense amene wanena kuti ndi m'bale mwa Ambuye. Munthu simukumudziwa, simunaone chikalata cha apolisi a kwawo chosonyeza mbiri yake, simunafunse mpingo umene wamutuma, koma mwamulola kukhala yekha ndi ana, kuwasambitsa, kugona m'chipinda chawo, kutuluka nawo pa galimoto. Anthu ogwiririra ana amadziwa bwino kumene malamulo ali ofooka, ndipo amadziwanso kuti Baibulo m'manja limatsegula zitseko zambiri. M'mayiko ambiri kumene amachokera alendowa, munthu saloledwa kugwira ntchito ndi ana asanafufuzidwe. Chifukwa chiyani ana a anthu osauka akhale otchipa? Ndipo mwana akalimba mtima n'kunena kuti wina wamuchita zoipa, kaya ndi mlendo, kaya ndi wolera, kaya ndi m'busa amene, musayerekeze kunena kuti tikambirana mu mpingo kuti tisaipitse dzina. Nkhaniyo ndi ya apolisi ndi a boma oona za chisamaliro cha ana, tsiku lomwelo. Ambuye Yesu pa Mateyu 18:6 ananena mawu oopsa za munthu wokhumudwitsa kamwana, kuti kunali bwino amumangirire mwala wa mphero m'khosi n'kumumiza m'nyanja. Amene amabisa mlandu wotere aziwerenga vesi limenelo akudziika m'katimo.

Za zithunzi nazo. Mwana wajambulidwa ali ndi mamina, ali ndi zilonda, dzina lake lalembedwa, matenda ake aululidwa, imfa ya mayi ake yafotokozedwa, zonse zaikidwa pa Facebook kuti anthu adine ndi kupereka. Mwanayo akula, ndipo anzake a kusukulu adzazipeza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati simungalole kuti mdzukulu wanu aonetsedwe choncho kwa dziko lonse, musachite kwa wa mnzanu. Pa Mateyu 6 tinauzidwa kuti popereka zachifundo tisalize lipenga, dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita.

Wina anena kuti, ndiye tisiye kuthandiza? Ayi ndithu. Lamulo losamalira ana amasiye ndi la Mulungu, silingachotsedwe. Koma taonani mmene Malemba amaliikira. Yakobo 1:27 amatchula ana amasiye ndi akazi amasiye pamodzi, kuti tiziwayendera m'masautso awo, ndipo kawirikawiri anthu awiriwa amakhala m'nyumba imodzi. Mukathandiza mayi wamasiyeyo mwathandiza mwana wake, popanda kuwalekanitsa. Estere makolo ake atamwalira analeredwa ndi Mordekai, m'bale wake, amene anamutenga ngati mwana wake. Salimo 68 limati Mulungu ndi atate wa ana amasiye, ndipo amaika osungulumwa m'mabanja. Ngakhale maboma anafika pa mfundo yomweyi. Ndondomeko za bungwe la United Nations za mu 2009 zimati umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake. Mu 2019 msonkhano waukulu wa bungweli unapempha mayiko kuti alimbikitse kulera ana m'mabanja, ndipo unatchula poyera kuopsa kwa maulendo a anthu odzipereka m'nyumba za ana amasiye. Dziko la Rwanda linayamba mu 2012 kutulutsa ana m'nyumba zotere n'kuwabwezera kwa abale kapena kuwapezera mabanja owalera. Ndi zotheka.

Apa m'pamene mpingo wa pamalopo uli ndi mphamvu imene mlendo alibe. Inu mumadziwa gogo amene akulera zidzukulu zisanu yekha. Mumadziwa mtsikana amene wasiya sukulu kuti alere azing'ono ake. Mumakhala nawo chaka chonse, mukhoza kuwayendera sabata ndi sabata, kulipirira fizi, kuthandiza ndi mpamba wa bizinesi, kuperekeza wodwala kuchipatala, kuona ngati mwana akusamalidwa kapena akuzunzidwa. Abwenzi akunja akafuna kugwirana nanu manja, auzeni molimba mtima kuti thandizo lawo lipite kumeneko. Werengerani nawo limodzi ndalama za matikiti a gulu lonse, muone mabanja angati akanaimirira nazo. Khoma limene achinyamata awo akubwera kudzapaka, pali mmisiri pafupi amene akanalandira malipiro n'kudyetsa ana ake. Ngati akufunabe kubwera, abwere ochepa, adzacheze ndi atsogoleri, adzamve, adzapemphere ndi olera, ndipo amene ali ndi luso lenileni aphunzitse anthu amene atsale ndi anawo. Amene si namwino kwawo asadzakhale namwino kwa eni ake. Mpingo wakunja umene ungakwiye chifukwa mwaukaniza kunyamula ana ndi kuwajambula, muulole upite.

Inu amene muli kale ndi nyumba ya ana, musathamange kuitseka mawa chifukwa mwawerenga izi, kumeneko kungakhale kusasamala kwinanso. Yambani ndi kaundula. Mwana aliyense adziwike kwawo, abale ake afufuzidwe, pakhomopo payenderedwe mogwirizana ndi a boma oona za ana, banja likonzekeretsedwe, ndipo mwana akabwerera azimuyenderabe kwa nthawi yaitali. Alipo ana ena amene sangabwerere kumene anachokera chifukwa kumeneko n'kumene anazunzidwa. Amenewo apezereni banja lina lofufuzidwa bwino, ndipo mabanja otere ayenera kutuluka m'mipingo yathu yomweyi. Ana olumala musawasiye kumapeto kwa mzere. Uzaninso amene amakuthandizani zoona zake za chimene mukuchita, kuti ndalama zawo zitsate mwana kumene wapita.

Ndipo musaiwale aja amene akulira m'manja mwanu. Mnyamata kapena mtsikana akakwanitsa zaka 18, nyumba zambiri zimangomuuza kuti nthawi yakwana, azipita. Amatuluka alibe luso la ntchito, sadziwa kugula kapena kusunga ndalama, abale ake anamuiwala chifukwa inu simunamulole kuwayendera, ndipo alendo amene ankamutcha mwana wawo anasiya kalekale kuyankha mauthenga. Pa msonkhano wotsatira wa akulu a mpingo, tulutsani maina a onse amene anatuluka m'nyumba yanu, mufufuze kumene aliyense ali lero, ndipo musankhe munthu woti akamuyendere.