Pistol yachitsulo m'manja mwa munthu wamba: kwathu, ku Mozambique ndi ku Joni

Kuno kuchigwa cha Shire nkhani ya mfuti imabuka ng'ombe zikabedwa. Khola likapezeka pululu ku Ngabu, kapena wamalonda akachitidwa chipongwe pamsewu wa Bangula atangogulitsa thonje, anthu amayamba kunena kuti bola munthu ukhale ndi yakoyako kumutu kwa bedi. Mawu amenewa ndimawamvetsa, chifukwa woberedwa ng'ombe amakhala ataberedwa fizi ya ana ndi thukuta la zaka zambiri. Koma ambiri mwa onena zimenezi sanagwirepo pistol, mfuti yaifupi ya m'manja ija, ndipo dziko lathu silinawakonzere poti akaidziwire. Nchifukwa chake ndikufuna tione mmene anzathu a ku South Africa ndi a ku Mozambique, kuseri kwa chipata cha malire cha Marka, amachitira.

Imene ndinaphunzirira ine ndi CZ 75, ya alamu anga amene anakhazikika ku Gauteng. Inapangidwa koyamba mu 1975 ku Uherský Brod, m'dziko limene nthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia, ndipo anaikonza ndi abale awiri, Josef ndi František Koucký. Thupi lake lonse ndi chitsulo, imadya zipolopolo za 9mm, magazini yake, kabokosi kosungira zipolopolozo, imalowa 15 kapena 16. Ukainyamula ilibe kanthu imalemera ngati paketi ya shuga wa ku Nchalo, ndiye onjezerapo zipolopolo. Kulemerako nkumene eni ake amaikondera. Ikalira, chitsulocho chimameza mphamvu yambiri yokankhira kumbuyo, mlomo wake sudumpha kwambiri, diso limabwerera msanga pamene ukuloza. Pistol ina yotchedwa Glock, imene thupi lake lapansi ndi pulasitiki yolimba, ndi yopepuka kuyenda nayo m'chiuno koma imagwedeza dzanja kuposa iyi.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkofunika kukamvetsa, chifukwa ngozi yagona pamenepo. Ukakhethemula kamodzi chimatuluka chipolopolo chimodzi. Mphamvu ya kuphulikako imakankhira chitsulo chapamwamba kumbuyo, chikhungwa chotentha chija chimatayidwa kumbali, ndipo pobwerera chitsulocho chimatola chipolopolo china nkuchilowetsa m'mpope. Diso lisanaphethire mfuti yakonzekanso. Tsono munthu akachotsa magazini amaganiza kuti mfuti ilibe kanthu, pamene chimodzi chatsala m'kati chikudikira chala. Alamu anga sanandilole kuwomba ndisanazolowere kuchotsa magazini, kukoka chapamwamba, kusuzumira m'kati ndi maso, kenaka kupisamo kachala. Nthawi yonseyo iwo ali chilili paphewa panga, mawu awo amodzimodzi: "Alamu, chala panja. Alamu, mlomowo uloze kutsogolo." Makutu titatseka ndi zotchingira, maso tili ndi magalasi, komabe kulira kwake kumamveka m'chifuwa.

Mfuti yotere kuno ili ndi mdani wake amene ku Europe samuganizira kwambiri. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, malaya amanyowa usanafike pamsika. Thukuta lili ndi mchere, mchere ukakhudza chitsulo dzimbiri silichedwa. Onjezerani fumbi la m'chilimwe ndi chinyontho cha ku Elephant Marsh. Pistol yachitsulo imafuna kansalu ndi mafuta ake kawirikawiri, imafuna kumasulidwa ndi kupukutidwa m'mpope. Woisiya mwezi wonse pansi pa matiresi adzaipeza itachita mawanga, ndipo tsiku limene adzaifune mwina idzakana.

Ku South Africa lamulo lake ndi Firearms Control Act la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2004. Kumeneko sayamba ndi mfuti, amayamba ndi munthu. Uyenera kukhala ndi zaka 21, ukhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo (achimwene amene muli ku Joni ndi pasipoti yokha, nkhaniyi sikukukhudzani, ndipo mfuti yogula m'khwalala ikupititsani kundende). Ukaphunzire kwa aphunzitsi ovomerezeka, ulembe mayeso a malamulo, ukawombe iwo akuona. Ukatero apolisi amafufuza mbiri yako, makamaka ya nkhanza m'banja ndi kuledzera, nkukupatsa setifiketi yoti ndiwe woyenera. Pamenepo mpamene umapempha laisensi ya mfuti yeniyeniyo, nambala yake italembedwa. Yodzitetezera amalola imodzi yokha ndipo laisensi yake imatha pa zaka zisanu. Ya masewera kapena kusaka imakhala zaka khumi. Kunyumba uyenera kukhala ndi bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo mwini mfuti wamba saloledwa kusunga zipolopolo zoposa 200 pa mfuti imodzi.

Chimene chinandigwira mtima kumeneko ndi malo ophunzirirawo. Loweruka umapeza amayi, achinyamata ndi madala ali pamzere, aliyense akumvera woyang'anira bwalo, ndipo wophwanya lamulo la chitetezo amatulutsidwa pompo ngakhale akhale bwana. Masewera owombera a IPSC, bungwe la dziko lonse lapansi loyendetsa masewerawa, anazika mizu m'dzikomo kalekale, moti mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Roodepoort mu 1979. Mfuti zachitsulo zolemera ngati za CZ nzimene ambiri amapikisana nazo.

Komatu musati ndikutamanda Joni. Dziko lomwelo linalemba anthu ophedwa oposa 27,000 m'chaka cha 2022/23, ndipo chida chimene chinapha ambiri kuposa china chilichonse chinali mfuti. Lamulo labwino linabowoledwa ndi amene analumbira kulisunga: mu 2016 mkulu wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anagamulidwa zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zosachepera 2,000 zimene zimayenera kuphwanyidwa, ndipo zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Town. Ana anafa nazo mfutizo. Kuchuluka kwa mfuti kwa kumeneko ine sindikufuna kutafika ku Chikwawa ngakhale tsiku limodzi.

Za ku Mozambique sitichita kuwerenga, tinaziona. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977 nkudzatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira m'dziko muno, ndipo Nsanje inasenza gawo lalikulu. Amene anakulira pafupi ndi msasa wa Mankhokwe akudziwa. Malire athu ndi a pamapu chabe. Wa ku Mutarara ndi wa kwa Ndamera amalankhula Chisena chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro, ndipo njira zimene zinkadutsa chimanga ndi nsomba nzomwe zinkadutsanso AK-47, mfuti imene mpaka lero ili pambendera yawo. Ma pistol a Tokarev ndi Makarov, nawonso achitsulo, anabwera ndi thandizo la Soviet Union ndipo nkhondo itatha ambiri sanabwerere m'nkhokwe za boma. Chilolezo cha munthu wamba kumeneko chimadzera kupolisi ngati kwathu, koma vuto lawo lalikulu silinali la ofuna laisensi. Linali la mfuti zokwiriridwa m'tchire ndi zobisidwa padenga.

Chimene anachita nacho vutoli nchimene ndimachilemekeza kwambiri. Mu 1995 bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique, Bishopu Dinis Sengulane ali patsogolo, linayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi zipangizo. Munthu ankabweretsa mfuti, osafunsidwa kuti waitenga kuti, nkupatsidwa khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula pomwepo, ndipo amisiri ena anawotcherera zidutswazo nkupanga zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezi uli ku British Museum ku London. Chaka chomwecho apolisi a ku Mozambique ndi a ku South Africa anayamba Operation Rachel, kufukula ndi kuphulitsa zida zokwiriridwa. Ntchitoyi sinathe msanga. Msasa womaliza wa asilikali a Renamo ku Gorongosa unadzatsekedwa mu 2023, ndipo ku Cabo Delgado mfuti zikulira kuyambira 2017. Koma anazindikira chinthu chenicheni: munthu wosunga mfuti mobisa nthawi zambiri amaiopa iye mwini, chimene akusowa ndi khomo loitulutsira popanda unyolo.

Nanga ife? Lamulo lathu la mfuti ndi la 1967, nthawi ya Kamuzu. Wofuna mfuti amapempha kudzera kupolisi, wovomereza ndi Registrar of Firearms, ndipo laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Kuvuta kwa njira imeneyi kwatithandiza, ndisabise. M'nyumba zambiri za Amalawi mulibe mfuti, ndiye mkangano wa pamowa kapena wa m'banja umathera pa chibakera ndi kwa amfumu, pamene kwina ukanathera kumanda. Ndi mmene abambo akudzikhwezera masiku ano chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja, pistol m'kabati ikanangochulukitsa maliro. Mbiri yathu nayonso ili ndi bala: pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, asilikali atalanda zida za a Payoniya, ena anathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo. Pangano la SADC lothana ndi mfuti zosaloledwa linasainidwira ku Blantyre konkuno mu 2001.

Chimene chimandipweteka nchakuti amene wapatsidwa laisensi timamusiya yekha ndi pepala. Kuchoka pa Thabwa mpaka pa Marka, mlimi wa ng'ombe kapena mwini golosale amene ali ndi mfuti mwalamulo akaphunzira kuti kuisamala? Amene anadzera ku usilikali kapena kupolisi ali ndi mwayi. Otsalawo amaphunzitsana kuseri kwa khola, kuwombera chitini, osaganiza kuti chipolopolo cha 9mm chikaphonya chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita, kumene kuli mwana akubusa mbuzi. Ndiye usiku agalu akauwa, munthu wotereyu amatuluka mtima uli phaphapha, chala chili kale pokhethemulira, ndipo amene akubwera mumdimamo mwina ndi mphwake wochokera kudimba.

Ine ndikanakonda kuuma kwa lamulo lathu kukhale momwemo, koma titengeko ziwiri kwa anansi. Kwa a ku South Africa titenge zoti munthu asapatsidwe kapena kukonzeredwa laisensi asanaonetse pamaso pa mphunzitsi kuti amatha kuichotsa zipolopolo, kuisunga m'bokosi lokhoma ndi kunena nthawi imene lamulo limamuletsa kuwomba. Sizifuna nyumba yagalasi. Chimulu cha dothi chachitali, mbendera yofiira ndi mphunzitsi wa polisi kamodzi pamwezi ku Chikwawa ndi ku Nsanje zingakwane. Kwa a ku Mozambique titenge khomo lija: mipingo, mizikiti ndi mafumu athu apatsidwe nyengo yolandira mfuti zobisika, kaya ndi gogodela wa agogo, kaya ndi Tokarev imene inatsala ndi mlendo wa nthawi ya nkhondo, wobweretsayo osamangidwa.

Kwa amene muli nayo kale mwalamulo, laisensi yanu mphamvu zake zimathera pa Marka. Mukaoloka nayo kupita ku Vila Nova da Fronteira popanda chilolezo cha dziko limenelo mwapalamula, ngakhale mukungopita kumaliro a atsibweni, ndipo ku South Africa mlendo amayenera kudzaza fomu ya SAPS 520 kuti alowe nayo. Mwini mfuti akamwalira, mfutiyo isalowe pa kagawidwe ka chuma chamasiye pamodzi ndi njinga ndi wailesi. Laisensi inali ya malemuwo. Amwinimbumba akadziwitse apolisi msanga, ndipo pasakhale woigwiragwira kuti aone ngati muli chipolopolo.