Heimaey: analola nyumba zipse kuti doko lisatsekeke

Anthu akamakamba za chilumba cha Heimaey ku Iceland ndi kuphulika kwa phiri la moto komwe kunachitika kumeneko mu 1973, amafulumira kunena kuti eni ake anachita mwayi. Ine mawu amenewa amandipweteka, chifukwa amachepetsa ntchito ya anthu. Mwayi unalipo, inde, koma unali wa usiku umodzi wokha. Zotsalazo zinali miyezi isanu ya thukuta, komanso chisankho chowawa chomwe atsogoleri ambiri sangalimbe mtima kuchipanga: kuona nyumba za anthu zikumezedwa ndi moto, iwo n'kutembenuzira madzi ambiri oziziritsira motowo kudoko. Ndikuti anasankha bwino, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi malowo. Heimaey ndi chachikulu mwa zilumba pafupifupi 15 zotchedwa Vestmannaeyjar, kummwera kwa Iceland, ndipo ndi chokhacho chomwe pamakhala anthu chaka chonse. Zilumba zonsezi zili pansi pa khonsolo imodzi, yomwe inapatsidwa udindo wa tauni mu 1919. Kukula kwa Heimaey ndi masikweya kilomita 13 ndi pang'ono, kuchepa kuposa Likoma, ndipo pali anthu opitirira 4,000. Palibe chilumba pamenepa chomwe sichinabadwe ndi moto wa pansi pa nyanja. Chaching'ono pa kubadwa ndi Surtsey, chomwe asodzi anachiona chikufuka pa 14 Novembala 1963, n'kupitiriza kuphulika mpaka 1967. Kumeneko saloleza munthu kupondako kupatula akatswiri ofufuza, kuti aone mmene zomera ndi mbalame zimafikira pa nthaka yatsopano popanda dzanja la munthu.

Nanga munthu angakhalirenji pamalo otere? Yankho ndi doko. Gombe lakummwera kwa Iceland ndi mchenga ndi mafunde okhaokha mtunda wautali, lopanda pobisa boti. Heimaey ili ndi khomo la madzi lotchingidwa kumpoto ndi thanthwe lalitali la Heimaklettur, ndipo m'madzi ozungulira ndi mmene nsomba za cod zimabwera kudzaswana nthawi yozizira. Mafakitale a nsomba, sukulu, chipatala, timu ya mpira, zonse zaima pa khomo limeneli. Likatsekeka, tauni yatha ngakhale nyumba zonse zitakhala zilipo.

Pa 23 Januwale 1973, nthawi itatsala pang'ono kukwana 2 koloko usiku, nthaka inang'ambika kum'mawa kwa tauni, pafupi kwambiri ndi nyumba za ku Kirkjubær, m'mphepete mwa tauniyo. Mng'aluwo unali wotalika kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ukulavula moto kuyambira uku mpaka uko. Mwayi uja ndi uwu: dzulo lake kunali namondwe, choncho maboti a asodzi oposa 60 anagona padoko m'malo mokhala kunyanja. Anthu pafupifupi 5,300 anadzutsidwa ndi masaireni, anatsikira kudoko, ndipo pofika m'mawa ambiri anali atanyamuka kupita ku Þorlákshöfn, doko la kumtunda kwa Iceland. Okalamba ndi odwala anatengedwa pa ndege. Palibe anamira, palibe anapsa usiku umenewo. Anatsala ndi anthu mazana ochepa oti apulumutse zomwe zikanatheka.

Mdani woyamba sanali chiphalaphala, mwala wosungunuka wotuluka m'nthaka, ayi. Linali phulusa lakuda, lokhala ngati timiyala topepuka, lomwe mphepo ikatembenukira kutauni linkagwa ngati mvula mpaka kukwirira nyumba zina kufika padenga. Denga lomangidwa kuti lisenze chipale chofewa silingasenze phulusa lochuluka chotero, limangotitimira. Ndiye ntchito inali kukwera pamwamba ndi fosholo, kukokolola, phulusa lina n'kugwa, kukokololanso, ndipo mkati mwa nyumba ankachirikiza denga ndi mitengo. Vuto lachiwiri linali miyala yoyaka yomwe inkaponyedwa m'mwamba n'kuswa magalasi a mawindo. Mwala umodzi ukalowa, makatani agwira moto, nyumba yapita. Mankhwala ake anali osavuta: kukhomera malata pa windo lililonse loyang'ana kuphiri. Vuto lachitatu linali losaoneka ndi maso. Mpweya woipa, makamaka carbon dioxide, unkatuluka m'nthaka, ndipo poti ndi wolemera kuposa mpweya wabwino, unkadikha m'zipinda zapansi ndi m'malo otsika. Munthu mmodzi yekha amene anafa pa kuphulika konseku anaphedwa ndi mpweya umenewu, osati moto.

Tsono mng'alu uja unasonkhana pamalo amodzi n'kukhala phiri latsopano, Eldfell, lotalika pafupifupi mamita 200, ndipo chiphalaphala chake chotentha kupitirira madigiri 1,000 chinayamba kulowera kumpoto, kukhomo la doko. Apa ndi pomwe katswiri wa sayansi, Þorbjörn Sigurgeirsson, anaumirira kuti achithire madzi a m'nyanja. Ambiri anaona ngati ndi kutaya nthawi, ndipo poyamba zinkaoneka choncho ndithu. Kumayambiriro kwa Febuluwale anayesa ndi mapaipi a ozimitsa moto, akuthira kutsogolo kwa chiphalaphala. Madziwo ankaumitsa khungu lakunja lokha, mkati mukadali mwamadzimadzi, ndipo mphamvu yochokera kumbuyo inkaswa khungulo n'kupitirira.

Zomwe anaphunzira n'zakuti madzi ayenera kukhala ochuluka kwambiri, ndipo ayenera kufika pamwamba pa chiphalaphala, kumbuyo kwa mlomo wake. Mwala wotentha ukazizira mwadzidzidzi umang'aluka. Madzi amalowa m'ming'alu, amaziziritsa pansi pake, pamenepo pamang'alukanso, madzi n'kutsikirabe. Pakapita masiku ambiri pamalo amodzi, mkati mwa chiphalaphala mumapangika khoma la mwala wolimba, ndipo chobwera kumbuyo chimaunjikana, chimakwera m'mwamba kapena kukhotera kwina. Kumayambiriro kwa Malichi anabweretsa sitima yokumba mchenga, Sandey, yomwe inkatha kupopa malita pafupifupi 400 pa sekondi. Kumapeto kwa mwezi womwewo kunafika mapampu 32 kuchokera ku America.

Kukweza mapaipi pamwamba pa chiphalaphala chomwe chikuyendabe sinali ntchito yamasewera. Mabuludoza ankayala phulusa pamwamba pa khungu lotentha kuti pakhale msewu, anthu n'kumakoka mapaipi m'nthunzi yoti sungaone mnzako ali pafupi. Zochirikiza mapaipi zamatabwa zinkayaka, ndiye anasintha n'kuika za aluminiyamu. Mapaipi apulasitiki anagwira ntchito bwino kuposa mmene munthu angaganizire, malinga ngati madzi akuyenda mkati mwake, chifukwa madziwo ndiwo ankawaziziritsa. Pampu ikangoima, paipi ili pangozi yosungunuka. Ndipo mapampu a ku America aja anapangidwira kupopa mafuta, osati madzi a mchere usana ndi usiku, choncho zitsulo zake zozungulira zinayamba kuthyoka, mpaka amisiri a ku Reykjavík, likulu la Iceland, anachita kusula zina zolimba. Pofika kumapeto anali atathira madzi opitirira matani 6 miliyoni.

M'masiku omwewo a kumapeto kwa Malichi, mkono wina wa chiphalaphala unatembenukira m'tauni ndipo unameza misewu yathunthu pamodzi ndi nyumba yopangira magetsi. Nyumba pafupifupi 400 zinawonongeka pa kuphulika konse, zina ndi moto, zina ndi phulusa. Tangoganizani muli ku Reykjavík kwa achibale, mukumva kuti nyumba yanu yapita pomwe madzi ambiri akuthiridwa mbali ya kudoko. Sindikuchepetsa ululu umenewo. Koma nyumba imamangidwanso ngati mwini wake ali ndi popezera ndalama, ndipo pa Heimaey popezera ndalama pali pamodzi pokha.

Alipo amene amati madziwo sanachite kanthu, phiri linangotopa lokha. Mfundo yawo ili ndi pogwira: poyamba phirilo linkatulutsa pafupifupi makiyubiki mita 100 pa sekondi, ndipo pofika pakati pa Malichi mlingowu unali utatsika kwambiri. Chiphalaphala chake chinalinso cholimba, choyenda pang'onopang'ono, ndipo nyanja inali pomwepo, yosachita kutungira kutali. Ndikuvomera kuti popanda zinthu zitatuzi madzi sakanathandiza, ndipo aliyense woganiza zokopera njirayi kwina ayambe wafunsa ngati ali nazo. Koma atabowola chiphalaphalacho pambuyo pake anapeza kuti mbali zothiridwa madzi zinalimba msanga kwambiri kuposa zosathiridwa. Kusiyana kwa doko lotseguka ndi lotsekeka kunali mtunda waufupi, ndipo mtunda umenewo ndi womwe madzi anagula. Kuphulika kunalengezedwa kuti kwatha pa 3 Julayi 1973. Khomo la doko linachepa, koma khoma latsopano la mwala linayamba kutchinga mafunde ochokera kum'mawa, moti doko la lero ndi lodekha kuposa lakale. Chilumba chinakula ndi masikweya kilomita oposa awiri. Phulusa analigwiritsa ntchito pokulitsa bwalo la ndege ndi pokonza malo omangapo nyumba zatsopano, ndipo kwa zaka zingapo, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kutentha kwa chiphalaphala ndiko kunkatenthetsa madzi ofunditsira nyumba za m'tauni.

Chomwe chimanditsimikizira kuti izi sizinali mwayi ndi mbiri ya anthu a pachilumbachi. Dzina lakuti Vestmannaeyjar, malinga ndi zolemba zakale za ku Iceland, limakumbutsa akapolo a ku Ireland omwe anapha mbuye wawo Hjörleifur n'kuthawira kuno, Ingólfur Arnarson, mlamu wa Hjörleifur, n'kudzawapha. Mu Julayi 1627 achifwamba apanyanja ochokera ku Algiers anagwira anthu pafupifupi 240 n'kukawagulitsa ukapolo, pa chilumba chomwe chinali ndi anthu mazana ochepa. Mmodzi mwa ochepa omwe anawomboledwa, Guðríður Símonardóttir, anabwerera patapita zaka pafupifupi khumi n'kudzakwatiwa ndi Hallgrímur Pétursson, mlakatuli wa nyimbo za mapemphero yemwe tchalitchi chachikulu cha ku Reykjavík chinatchulidwa dzina lake.

Koma kwa ine munthu woyenera kutchulidwa koyamba ndi mzamba, Sólveig Pálsdóttir. Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1800, ana obadwa pa Heimaey oposa theka ankafa asanathe masabata awiri, ndi kafumbata wolowera pamchombo. Madzi abwino anali osowa, ndipo ukhondo wa nsalu zomangira mchombo unali wovuta m'nyumba zomwe nkhuni zake zinali zotsalira za mbalame zouma. Mu 1847 dokotala wa ku Denmark, Peter Schleisner, anatsegula nyumba yochiliramo amayi, analamula ukhondo ndi kupaka mafuta a copaiba pamchombo, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Iye sanakhalitse. Amene anatsala n'kusunga mwambowo chaka ndi chaka ndi Sólveig, yemwe anakaphunzira uzamba ku Copenhagen. Nyumbayo, Landlyst, ilipobe pafupi ndi doko.

N'chimodzimodzi panyanja. Atatopa ndi kuika maliro opanda mitembo, anthu a pachilumbachi anagula okha sitima yopulumutsa anthu, Þór, mu 1920, ndipo boma litaitenga mu 1926 inakhala chiyambi cha gulu lolondera nyanja la dziko lonse. Sigmund Jóhannsson, wodziwika ndi zojambula zoseketsa za m'nyuzipepala, anapanga chipangizo chomasula kaboti kopulumukirapo boti likamamira. Ndipo mu Malichi 1984, boti la Hellisey litagubuduzika, Guðlaugur Friðþórsson anasambira pafupifupi maola 6 m'madzi a madigiri 5 kapena 6, anzake anayi atamira, kenako anayenda wopanda nsapato pa miyala yakuthwa ya chiphalaphala mpaka anagogoda pakhomo la munthu. Okonda mpira amadziwa Ásgeir Sigurvinsson, yemwe anatenga ligi ya Germany ndi Stuttgart mu 1984, Margrét Lára Viðarsdóttir wogoletsa zigoli zambiri mu timu ya amayi ya Iceland, ndi Heimir Hallgrímsson, dokotala wa mano amene pamodzi ndi Lars Lagerbäck anatsogolera Iceland kugonjetsa England 2–1 mu 2016. Ngakhale ana ali ndi ntchito yawo: mu Ogasiti ndi Seputembala amazungulira usiku ndi makatoni kutola anapiye a mbalame za puffin omwe asokonezedwa ndi magetsi a m'tauni, m'mawa n'kukawaulutsira kunyanja.

Chiwerengero cha anthu sichinabwererenso pa 5,300, ndipo zomwe zingachichepetsenso lero si phiri lokha. Heimaey ilibe mtsinje. Kale ankakhalira madzi a mvula a padenga, mpaka mu 1968 pomwe anayala paipi pansi pa nyanja kuchokera kumtunda. Mu Novembala 2023 nangula wa sitima anakoka ndi kuwononga paipi imodzi yokha yomwe inkagwira ntchito, tauni yonse ndi mafakitale ake n'kutsala pa chingwe chowonongeka nyengo yozizira ikuyamba. Ulendo nawo uli ndi bala lake. Doko la Landeyjahöfn, lotsegulidwa mu 2010, linafupikitsa ulendo wa sitima ya Herjólfur kufika pa mphindi 40 kapena kucheperapo, koma linamangidwa pa gombe la mchenga lija, ndipo mchenga ndi mafunde zikalitseka sitima imabwerera njira yakale ya ku Þorlákshöfn, ya maola pafupifupi atatu pa nyanja yolusa. Alendo amapita kukaona nyumba yofukulidwa m'phulusa ku Eldheimar, malo osungirako mbiri ya kuphulikako, ndipo n'koyenera kutero. Koma ndikanakhala ndi mawu pa ndalama za boma la Iceland, ndikanaika patsogolo paipi yachiwiri ya madzi yodutsa njira ina, kutali ndi pomwe sitima zimaponya anangula, ndi sitima yokumba mchenga yokhala pa Landeyjahöfn nyengo yonse yozizira.