Ekisitenshoni yopanda chiphaso si katundu, ndi moto

Abale anga a m'chigwa cha Shire muno, nkhaniyi yandikwiyitsa kwambiri. Usiku wa dzana pa Nchalo golosale ya mayi wina yapsa mbali yonse ya kumbuyo. Filiji, shuga, sopo, ndalama za m'kabati, zonse phulusa. Chayatsa moto ndi ekisitenshoni ya mabowo asanu yogula pamsika, yomwe sinathe ndi mwezi womwe. Pachikutiro chake analemba 13A, 3000W, kutanthauza mphamvu ya magetsi imene akuti ingathe kunyamula. Kachidutswa ka waya kotsalira kupulagi n'koonda ngati ulusi wosokera thumba, ndipo ukapala ndi mpeni mkati mukuyera mbee. Ndi aluminiyamu wopaka kopa pamwamba. Ndiye anthu aima pamenepo akuti ndi tsoka. Tsoka lanji? Chinthu chimenechi sichinayenere kufika pamsika n'komwe!

Katundu wamagetsi asagulitsidwe asanayezedwe, basi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS) lilipo kuyambira 1972, ndipo ntchito yake ndi yomweyi. Woitanitsa katundu kunja amayenera kuonetsa mapepala pachipata, a MBS aone katunduyo, atengeko zina akayeze, akakhutira apereke chikalata. Wopanga m'dziko muno amayenera kupeza chilolezo asanaike chizindikiro cha MBS pa katundu wake. Chikalata chimenecho ndicho chimasiyanitsa katundu ndi msampha. Nanga ma ekisitenshoni, machaja ndi ma adaputala adzaza pa Dyeratu, pa Ngabu ndi pa Bangula aja, ndi angati amene mwini wake angatulutse pepala mutamufunsa? Mufunseni muone mmene akutembenuzireni diso.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ena amaona ngati tikungolalata. Magetsi a ESCOM ndi 230V. Pulagi yathu ndi ya mano atatu amakona, ndipo malire ake ndi 13A, kutanthauza pafupifupi 3000W. Kuti waya anyamule mphamvu imeneyo ayenera kukhala wa kopa weniweni, wonenepa 1.25 kapena 1.5mm². Waya wa 0.75mm² malire ake ndi 6A, wa 0.5mm² ndi 3A yokha. Ketulo ya 2000W payokha imakoka pafupifupi 9A. Tsono ikani ketuloyo, filiji ndi fani pa waya wa 0.5mm², waya wakenso wa aluminiyamu amene amatentha msanga kuposa kopa. Onjezani kutentha kwathu kuno, kopitirira madigiri 40 mu Okutobala, m'nyumba yamalata, ekisitenshoni itakankhiridwa kuseri kwa filiji pamakatoni. Pulasitiki imayamba kufewa, kenako kafungo kaja, kenako mawaya akhudzana.

Wina ati bureka, swichi ija yodzizimitsa yokha magetsi akachuluka, igwetsa. Sigwetsa ayi. Bureka ya masoketi imakhala ya 20A kapena 32A, ndipo imateteza waya wa 2.5mm² wa m'khoma. 9A kwa iyo si kanthu, imangoyang'ana kawaya kanu kakupsa. Choteteza waya wa ekisitenshoni ndi fyuzi ya m'pulagi, kawaya kamene kamaduka magetsi akapyola malire. Tsegulani pulagi za pamsikazi muone. Zina mulibiretu fyuzi, zina muli kachitsulo kongolumikiza, zina n'zomatiratu moti simungatsegule. Dzino lalitali lapamwamba lija ndi la efi, loti chitsulo cha filiji chikagwidwa ndi magetsi, magetsiwo athawire pansi osati m'thupi la mwana wanu. Ma ekisitenshoni ambiri otchipawa dzinolo lilipo koma mkati muli mawaya awiri okha. Ndi dzino lokongoletsa! Zonsezi woyeza amazigwira tsiku limodzi. N'chifukwa chake katundu wotere amathawa kuyezedwa.

Musanamizidwenso ndi zilembo. CE ndi chizindikiro cha msika wa ku Ulaya, ndipo pa katundu wambiri wopanga amadziikira yekha. Aliyense wokhala ndi makina osindikiza atha kulemba CE, atha kulemba 3000W, atha kulemba chilichonse. Cholembedwa pakatoni si chiphaso. Chiphaso ndi pepala la amene anayeza, lotchula mtundu wa katundu womwewo umene uli m'manja mwanuwo.

Inde ndalama yavuta, inde njira zachidule za m'malire ndi Mozambique n'zambiri. Koma zimenezo sizisandutsa aluminiyamu kukhala kopa. Amene akugulitsa chinthu chosayezedwa akugulitsa moto, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ndipo wamkulu woti agwidwe si mnyamata woyala pamphasa pa Bangula uja. Ndi mwini holoselo amene anabweretsa makatoni mazanamazana n'kuwamwaza m'misika. Pepala liyambire kwa iyeyo, litsike ndi katundu mpaka kwa wogulitsa womaliza. A MBS, chigwa chino ndi Malawi yemweyo. Bwerani tsiku la msika, mudule waya anthu akuona, mulande, mufunse kumene anapikula.

Safunsa anadya phula. Inu ogula funsani. Nyamulani ekisitenshoniyo m'manja: ya kopa imalemera, yabodza imapepuka ngati chitsononkho. Werengani pawaya penipeni, payenera kulembedwa 3 x 1.25 kapena 3 x 1.5mm². Onani ngati pulagi ili ndi fyuzi ya 13A, ngati mano awiri apansi ali ndi pulasitiki kutsinde, ngati mabowo ali ndi zitseko zoletsa mwana kulowetsa msomali. Tengani lisiti. Ketulo, simbi ndi hotipuleti zilowe m'soketi ya pakhoma, chimodzi chimodzi. Pulagi ikamatentha poigwira, zimitsani pompo, musadikire mawa. Ndipo khalidwe lotsegula soketi ndi kamtengo kuti mulowetse pulagi ya mano awiri ozungulira lithe. Imakhala yogwedera, imathetheka, imawotcha soketi. Dulani muike pulagi ya mano atatu.

Za machaja ndiye musachite kunena. Chaja chabwino chimalekanitsa 230V ya kukhoma ndi 5V yopita kufoni. M'zotchipazi mpata wake ndi wochepa moti chinyezi pang'ono chabe magetsi adumphira kufoni, foni ili pakhutu kapena pamtsamiro.

Pomwepanso pali awa odzitcha amagetsi, oyenda ndi tesita m'thumba la malaya koma alibe laisensi ya MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Waya wa 1.5mm² wa mababu akuika kumasoketi kuti atsale ndi tchenji. Ndodo ya efi sakhoma n'komwe, mawaya akulumikiza ndi jumbo m'denga. Nyumba ikapsa foni yawo siipezekanso, ndipo mawa muwapeza akukoka waya panyumba ina pa Ngabu.