Ifenso adokotala anatiuziratu za zala za mwana

Mwalemba kuti madokotala amatha kudziwiratu ngati chala chopindika chidzawongoke akachita opaleshoni, poona kuti chapindika bwanji komanso pa mfundo iti. Ndi zoona, ine ndinadzionera ndekha.

Kungoti mwakamba kwambiri za matenda a Dupuytren, aja amakokera chala chovala mphete ndi chaching'ono m'chikhatho, omwe amagwira kwambiri azungu. Ife kuno ku Johannesburg vuto la zala zopindika limabweranso chifukwa chopsa ndi moto. Mwana wanga wamkazi anagwira chitofu cha palafini m'nyengo yozizira ya Juni ali ndi zaka 3. Bala linapola, koma chipsera chinakoka zala ziwiri moti ngakhale kapu ya tiyi samatha kuigwira.

Adokotala anayeza zalazo ndi kachipangizo konga rula, n'kutiuza mosapita m'mbali kuti mfundo ya kutsinde imawongoka bwino, koma yapakati ndi yamakani, makamaka ikakhalitsa ili yopindika. Ndi mmene zinakhaliradi. Anadula chipseracho n'kuikapo khungu lochokera pena pathupi pake. Chala chimodzi chinawongokeratu, chinacho chidakali chokhota pang'ono.

Chimene simunatchule ndi ntchito ya kunyumba. Splint, yomwe imagwira zala kuti zikhale zowongoka, amayenera kugona nayo usiku uliwonse kwa miyezi, koma mwana ankalira n'kumaivula. Amayi ake ankadzuka pakati pa usiku kumuvekanso, m'mawa n'kumuwongola zala pang'onopang'ono. Mpaka pano timapitabe kukaonetsa, chifukwa dzanja likukula koma chipsera sichitambasuka nalo, ndiye chikhoza kuyambanso kukoka.